Nkhunda za Che Amidu Zinapita Kumanzere

Mpaka lero ndikafika pa Chezi sipalephera kupezeka munthu wondifunsa ngati mbalame zandilola kutsika basi. Amafunsa mwaulemu ndithu, nkhope yosaseka, kenaka nkuyang'ana kumwamba. Ine ndimangoseka nawo, nanga nditani popeza ndinaziputa ndekha. Zonsezi zinachokera pa mawu amodzi a Chingerezi, ndipo wowamasulira ndinali ine.

Munali m'zaka zija tinali titangolowa kumene m'zipani zambiri, sukulu ya pulayimale itakhala yaulere. Ana anakhamukira kusukulu, aphunzitsi nkuchepa, ndiye anatitola ife amene tinali titangomaliza Folomu 4, kutiphunzitsa pang'ono nkutipatsa choko. Kalasi yanga inali pansi pa mtengo wa mango, koma mukanandiona poyenda mukanati ndili ndi ofesi ku Lilongwe. Cholembera chofiira sichinkachoka pa kolala ya bulauzi yanga, ngakhale Loweruka popita kukagula mchere.

Abambo ndi amayi anakhala zaka zambiri ali matenanti m'maesiteti a fodya cha ku Bowe. Pobwerera kumudzi anabwera ndi ganizo limodzi lokha, loti atsegule tiyirumu m'mbali mwa msewu wopita ku Salima. Njerwa anaumba okha, amayi kuponda dothi, abambo kugwira chikombole. Anamanga kanyumba ka malata, mabenchi anakhoma, ndipo kuseri amayi anadzimangira uvuni ya masikono. Kenaka m'nyengo ya mvula amayi anadwala, ndipo anatisiya chitseko chitangoikidwa kumene, kapu ya tiyi ndi imodzi yomwe isanagulitsidwe.

Abambo anakhoma loko, kiyi nkumuika m'thumba la jekete, basi. Miyezi inkapita iwo ali pakhonde la kunyumba ndi wailesi yawo. Khutu lawo lakumanja linagontha kalekale atadwala malungo aakulu, motero amayi moyo wawo wonse ankakhala kumanzere kwawo, kaya ndi pamkeka, kaya ndi panjira popita kumunda. Tsopano pamalo pamenepo pankakhala wailesi. Ndinkati ndikaweruka nkuipeza ili pamenepo ikulankhula yokha, mtima unkandipweteka kwambiri, ndipo nthawi zina ndinkalowera khomo lakuseri kuti ndisaione.

Azakhali, mlongo wawo wa abambo, anayesa kukalipa. Ine ndinayesa kunyengerera. Yankho linali limodzimodzi, loti tiona mwezi wamawa. Chiswe chinayamba kukwera miyendo ya mabenchi. Kenaka kunabwera bambo wina wofuna kugula kanyumbako kuti azionetseramo vidiyo, ndipo chimene chinandiopsa nchakuti abambo sanamukane. Anangomuuza kuti aganizire kaye. Ndinkadziwa kuti nyumba imene ija ikapita, abambo sadzadzukanso pakhonde paja.

Masiku amenewo chilichonse chinkatsegulidwa ndi mwambo, kaya ndi mjigo, kaya ndi mlatho, kaya ndi kaofesi ka chipani, ndipo pa nkhani za m'Chingerezi mawu akuti inaugurate sankasowa. Tsiku lina ndikudutsa ndi ndowa, abambo anatsitsa wailesi nkundiitana monga ankandiitanira pondiseka.

"Aphunzitsi, kodi Inogileti ameneyu ndi nduna ya chiyani? Tsiku lililonse ali pa wailesi."

Ndinatula ndowa msangamsanga. Linali funso loyamba kundifunsa chimwalirire amayi, kupatula lofunsa ngati mbuzi zalowa m'khola. Ndinawauza kuti si munthu ayi, ndi mawu otanthauza kutsegulira. Iwo anati nanga openi uja, amene ngakhale iwo osapita kusukulu amamudziwa, wachotsedwa ntchito ndi boma latsopanoli? Ndinakonza cholembera changa pa kolala nkuwauza kuti nkhaniyo ndi yaitali, ndidzawafotokozera bwino mawa.

Mu ofesi ya ahedi munali dikishonale yaikulu yopanda chikuto, imene ntchito yake yeniyeni inali kuchirikiza mwendo wa tebulo. Ndinapempha, ahedi ananyamula tebulo, ine nkusolola buku. Ndinawapeza mawu aja. Tanthauzo lake linali kuyamba chinthu chachikulu mwamwambo, kapena kulonga munthu pa udindo. Koma m'munsi, m'timalemba ting'onoting'ono, munali nkhani ina. Akuti mawuwa anachokera ku Chilatini, chilankhulo cha Aroma akale. Iwowo anali ndi ansembe otchedwa augur, amene ntchito yawo inali kuyang'ana kauluke ka mbalame asanalonge mtsogoleri kapena kutsegula kachisi, kuti adziwe ngati milungu yawo yavomera. Bukulo linathera pomwepo, osawonjezerapo kanthu.

Vuto langa (ndipo amene anakhala nane amalidziwa) ndi lakuti nkhani ikachepa ndimaithira mchere. Madzulo ake ndinawakhazikira abambo Aroma onse pakhonde paja, ndi mikanjo yawo yoyera, ataimirira pamwamba pa phiri looneka ngati la Ntchisi, anthu ali chete kudikira mbalame. Abambo anazimitsa wailesi. Anandifunsa kuti wansembeyo ankadziwa bwanji kuti mbalame zavomera. Bukulo silinanene, koma mphunzitsi sanena kuti sakudziwa kawiri sabata imodzi. Ndinayankha mosajejema kuti zikaulukira kumanja ndiye kuti zavomera, zikapita kumanzere ndiye kuti chinthucho chisiyidwe. Anafunsanso ngati nkhuku zinkaloledwa pa ntchito imeneyi, popeza ifeyo tinali nazo zambiri. Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinati Aroma anali anthu apamwamba, sakanafunsa nzeru kwa nkhuku, mbalame yolephera ngakhale kulumpha mpanda.

Poona kuti nkhope yawo yawala pang'ono, ndinaponya mawu amene ndinali nditawasunga. Ndinati bwanji nafenso tiinogilete tiyirumu, mwamwambo wake, anthu aone. Iwo anapisa dzanja m'thumba la jekete, muja munali kiyi.

"Chabwino," anatero. "Koma tichite monga Aroma akowo. Zikapita kumanja, titsegula. Zikapita kumanzere, kiyi uyu ndipereka kwa mkulu wa vidiyo uja, ndipo iwe ndi azakhali ako mundisiye ndipume."

Ndinavomera mokondwa, nkulowa m'nyumba. Ndili m'katimo mpamene ndinazindikira kuti nyumba imene amayi anaiponda dothi ndi mapazi awo ndaiika m'manja mwa mbalame, potsatira lamulo limene ndalipeka ndekha ndili chikhalire pa mpando.

Kubwerera kukawauza kuti za kumanja ndi kumanzerezo ndangowonjezera, sindikanatha. Bwenzi atayatsanso wailesi. Ndiye ndinaganiza kuti ngati nkhani ili kwa mbalame, mbalamezo ndizipeze ndine. Pa Chezi pomwepo panali Che Amidu, Msilamu wa sitolo ya nsalu ndi palafini, mnzawo wa abambo wa bawo amayi asanamwalire. Kuseri kwa sitolo yawo ankaweta nkhunda. Ndipo nkhunda, monga mudziwa, mukaitengera kwina nkuimasula imathamangira kwawo. Ndinapita pa tiyirumu, ndinaima pakhonde kuyang'ana kumsewu, nkukweza dzanja lamanja (ndinayamba ndayerekeza kudya nsima kuti nditsimikize kuti ndi lomwelo). Linaloza ndendende pa sitolo ya Che Amidu. Ndinadziuza kuti sukulu ndi yabwino.

Che Amidu anandimvetsera akusisita ndevu. Za Aroma sanafunsepo kanthu. Anangofunsa ngati abambo avomeradi ndi pakamwa pawo kuti afika pa chitseko chija, ndipo nditati eya, anati nditenge nkhunda zonse ngati ndikufuna. Anandilangiza kuti m'mawa wa tsikulo zisadye, kuti zikamasulidwa zisachedwe m'njira. Pondiperekeza anati, "Mwanangu, bawo langa lachita fumbi. Ukandibwezere mnzanga."

Cholakwa chachiwiri chinali kuuza azakhali. Iwo anakafotokoza kumjigo, mwa njira yawo, ndipo pofika Lamulungu nkhani inali itamera nyanga. Akuti mphunzitsi wamkazi uja wayamba kuombeza maula ndi mbalame, akuti matsengawo wawapeza m'buku lachizungu limene ahedi amalibisa pansi pa tebulo. Mayi wina anabwera kudzandifunsa kusukulu ngati ndingamuthandize kudziwa amene anamubera nkhumba. Ana a m'kalasi mwanga ankati khwangwala akatera mu mtengo wa mango, onse maso kwa ine, kudikira kuti ndinene zimene wanena.

Kenaka kunyumba kunafika a Chisale, mkulu wa mpingo, atavala jekete ngakhale kunkatentha. Anati mpingo wamva zinthu zosamveka bwino. Ndinawafotokozera kuti si maula, ndi mbiri ya mawu chabe, Chilatini. Iwo anati maula a Chilatini ndi maula ndithu. Tinakambirana mpaka tiyi anazizira, abambo akumvetsera pambali, ndipo ndikukhulupirira kuti ankamva kukoma. Pomaliza tinagwirizana kuti a Chisale adzayamba ndi pemphero, ndipo nkhundazo tizidzazitchula kuti zokongoletsa mwambo. Potuluka anandinong'oneza kuti iwonso akufuna tiyirumuyo itsegulidwe, chifukwa malemu amayi anawalonjeza sikono yoyamba.

Tsikulo linali Loweruka. Azakhali analawirira kukayatsa uvuni ya amayi, ndipo fungo la masikono linafika mpaka kumsika. Ine ndinali nditapangana ndi mnzanga kuti andiluke tsitsi, koma tinachedwa kuyamba, ndipo nthawi itakwana anali atangoluka mbali imodzi. Mbali inayo inali itapesulidwa, ili njo kuloza kumwamba. Ndinati palibe kanthu, ndinamanga duku, nkuvala bulauzi yanga yoyera ya kusukulu, cholembera pamalo pake.

Nkhunda tinaziika mu dengu nkuvindikira ndi chitenje, ine nkusenza. Amene munasenzapo nkhunda zamantha mu dengu la nsungwi mukudziwa zimene zimachitika. Ine sindinkadziwa. Ndinkangomva tinthu tofunda tikugwera pamapewa, nkumati ndi thukuta. Anthu amene ndinkawadutsa ankandipatsa moni mwachimwemwe chachilendo, ena mpaka kugwira pakamwa, ine nkumati akusangalala ndi chitukuko.

Pa tiyirumu panali anthu ochuluka kuposa amene ndinkayembekezera. Ena anabwerera masikono, koma ambiri anabwera kudzaona maula. Mkulu wa vidiyo uja analiponso, ataima kumbuyo, manja m'thumba. Azakhali anali atamva pa wailesi kuti pa mwambo wotere amadula kansalu, ndiye anang'amba mpendero wa chitenje cha amayi, chobiriwira chimene ankakonda kuvala pophika, nkuumanga chopingasa pachitseko. Sizasi anabwereka kwa telala. Abambo anafika atavala jekete lija, atameta ndevu koyamba m'miyezi yambiri. Azakhali anawagwira dzanja nkuwaimika kutsogolo kwa anthu, moyang'anizana ndi chitseko, sizasi m'manja. Ine ndinakwera pakhonde ndi dengu langa, pamalo pomwe paja ndinayesera dzanja, nkuyang'ana kumsewu ndi kwa anthu. Ndinaona abambo akuyang'ana kansalu kobiriwira kaja osaphethira, ndipo sindinaganizenso china chilichonse.

A Chisale anapemphera. Anapempherera tiyirumu, boma latsopano, zipani zotsutsa, mvula, ndiponso achinyamata amene kuwerenga kwambiri kukuwasokoneza. Akapuma kuti akoke mpweya, nkhunda zinkalira mu dengu, anthu nkumadzigwira kuti asaseke. Atati ameni, inakwana nthawi yanga. Ndinalankhula m'Chingerezi kaye, kenaka nkudzimasulira ndekha. Ndinafotokoza za Aroma, za ansembe awo, za mawu akuti inaugurate ndi kumene anachokera. Ndipo pofuna kuti pasadzakhale wotsutsa, ndinanena mokweza, mobwereza, kuti zikapita kumanja abambo atsegula, zikapita kumanzere satsegula. Ndinafunsa ngati onse amva. Anati amva.

Ndinavundukula chitenje. Nkhunda zinangondiyang'ana. Ndinati shii, sizinasunthe. Ndinagwedeza dengu, zinangosendera pakona. Wina m'gulumo anati mwina zikudikira kuti ndizilankhule m'Chilatini. Ndinapsa mtima, ndinanyamula dengu lonse nkulikhuthulira m'mwamba, ndipo zinabuka zonse nthawi imodzi, mapiko kumaso kwanga. Imodzi inakola chikhadabo mu duku langa nkulivula, kukaligwetsa pakati pa msewu. Ndinatsala mbali imodzi yolukidwa bwinobwino, mbali ina ili njo, mapewa ali mawangamawanga. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi.

Koma ine sindinasamale. Maso anga anali kumwamba. Nkhunda zinazungulira pamwamba pa malata, kenaka zinawongoka, ulendo wa kwa Che Amidu, monga ndinakonzera. Ndinakweza dzanja langa lodyera nkufuula kuti, "Kumanja!"

Kuseka kunatha pang'onopang'ono. Kenaka mayi uja wa nkhumba anafunsa, osati mwachipongwe, koma mofunadi kudziwa, kuti kumanja kwa ndani.

Ndinayang'ana anthu. Onse anali atayang'ana chitseko, monga abambo. Amene anayang'ana kumsewu ndinali ine ndekha. Kwa abambo, kwa azakhali, kwa a Chisale, kwa Chezi yense, nkhunda zija zinali zitapita kumanzere, ndipo zinkaonekabe uko zikutera padenga la sitolo. Ndinayamba kufotokoza kuti kwa Aroma ankawerengera dzanja la womasula mbalame, koma ndinalekera panjira, chifukwa ngakhale ine ndinamva kuti mchere wakwana. Ndinaona mkulu wa vidiyo akutulutsa manja m'thumba. Azakhali anagwira kumutu.

Abambo anali atapotoloza khosi kutsatira nkhunda zija. Anapisa m'thumba nkutulutsa kiyi.

"Zapita kumanzere," anatero, motsitsa.

Pamenepo ndinalira. Sindinalire chifukwa cha manyazi ayi, manyazi anali atandipitirira kale. Ndinalira chifukwa ndinaona mapazi a amayi ali m'dothi lija, ndi ine mwana wawo wophunzira nditagulitsa nyumba yawo ndi pakamwa panga. Ndinatsika pakhonde, osadziwa kuti ndikupita kuti, ndipo ndinangopezeka ndaima pambali pa abambo. Ndinafuna kuwauza kuti lamulo lija ndinalipeka ndekha, koma iwo anayamba kulankhula, maso akadali kumene kunapita nkhunda.

"Mbali ino ndi ya amayi ako," anatero. "Zaka zonsezi, nkhani iliyonse yabwino ndinkaimvera kuno. Zakuti uli m'mimba ndinamvera kuno. Za tiyirumu ino ndinamveranso kuno, tili m'chigafa tikusoka fodya." Anatembenuza kiyi m'dzanja. "Ndiye mbalame zikapita kumeneko, ine sindinganene kuti zapita kolakwika."

Kenaka anatembenuka. Anachita pang'onopang'ono, monga amatembenukira munthu wamkulu, mpaka chitseko chinali kumbuyo kwawo, nkhope kwa anthu. Anayang'ana a Chisale, anayang'ana Che Amidu, anayang'ana onse amene anali atawathawa miyezi yonse ija.

"Nanga tsopano zili mbali iti, aphunzitsi?"

"Kumanja, abambo."

"Aroma akowo analetsa munthu kutembenuka?"

Ndinati sanaletse. Ndipo kunena zoona, mpaka lero sindinawerengepo paliponse kuti analetsa.

Azakhali ndiwo anayamba nthungululu, amayi ena nkulandira. Abambo anabwerera kuchitseko, anayang'ana sizasi ija nkuipereka kwa azakhali osaigwiritsa ntchito. Kansalu ka amayi sanakadule. Anamasula mfundo zake ndi zala, mbali iyi ndi mbali iyo, anakapinda bwinobwino nkukaika m'thumba lija munkakhala kiyi. Loko anavuta pang'ono chifukwa cha dzimbiri, Che Amidu anathirapo kadontho ka palafini, ndipo chitseko chinatseguka. Asanalowe, abambo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapewa, ndipo anaseka. Anaseka kuseka kwawo kwakale, kogwedeza mapewa, kumene ndinali nditayamba kukuiwala. Anati ndikatole duku langa msanga, makasitomala angathawe tsiku loyamba lomwe.

Sikono yoyamba inapita kwa a Chisale monga mwa lonjezo. Mkulu wa vidiyo uja anamwa nawo tiyi, ndipo anali munthu wabwino ndithu, anakapeza nyumba ina cha kumsika. Che Amidu anatumiza bawo lawo tsiku lomwelo, nkuliika pansi pa mtengo kuseri kwa uvuni. Ndi iwo amene anandiuza pambuyo pake kuti abambo ankadziwa za nkhunda zija chiyambire, nanga pa Chezi pali chimene chimabisika? Nditawafunsa abambo, anavomera. Anati ankadziwa nkhundazo ndi za yani ndiponso kumene zidzapite, koma chimene sankadziwa ndi chimene iwo eni adzachite akadzafika pachitseko paja. Anati ananyamuka kunyumba asanaganize, ndipo anaganiza ataona kansalu ka amayi kaja pachitseko.

Dzina loti Namaula linandikakamira kusukulu mpaka ndinasamuka. Bulauzi ija sinayerenso, inakhala yopukutira matebulo mu tiyirumu momwemo. Wailesi anaipezera malo pa shelefu, pakati pa shuga ndi masamba a tiyi, ndipo kampando kamene kanali kumanzere kwa abambo kuseri kwa kauntala kanakhala kanga ndikaweruka. Ndikachedwa ankakasunga, osalola munthu kukhalapo.

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo kusathira mchere. Ana amene ndawaphunzitsa zaka zonsezi angakuuzeni okha. Koma chimene chinandipweteka kwambiri ndinachipeza patapita zaka, nditapita ku koleji ya aphunzitsi kukamaliza maphunziro. M'laibulale ya kumeneko ndinapeza buku la mbiri ya Aroma, ndipo ndinathamangira pa nkhani ya ansembe a mbalame aja. Linati Aromawo ankasunganso nkhuku zapadera za ntchito yomweyo. Ankaziwazira chakudya, ndipo zikadya mwaphuma ndiye kuti milungu yavomera. Nkhuku! Ifeyo tinali nazo zodzaza bwalo, zanjala chaka chonse, zoti ukangogwedeza lichero zimabwera zikugwa nkudzuka. Sipakanakhala dengu, sipakanakhala duku, sipakanakhala kumanja kapena kumanzere.

Pa holide ndinafikira ku tiyirumu, chikwama chili m'manja. Ndinawapeza abambo akutsuka makapu, tsitsi litayera kwambiri kuposa mmene ndinawasiyira. Ndinayamba kuwafotokozera ndili pakhomo, koma anandikodola kuti sakumva, nkukoka kampando kaja. Ndinazungulira kauntala, ndinakhala kumanzere kwawo, nkuwauza zonse za nkhuku, ulendo uno osawonjezerapo kanthu. Anamvetsera mpaka kumapeto, akupukuta kapu imodzimodziyo.

"Ndinakufunsa ine za nkhuku," anatero. "Koma zinakhala bwino unakana. Nkhuku zikanangodya, ine sindikanatembenuka."

Anandithirira tiyi, nkundisankhira sikono yapakona, yopserera pang'ono, imene amayi ankandisungira ndili mwana.